Ndinachotsedwa chotupa cha mu ubongo ndili ndi zaka 24: mafunso ndi mayankho pa nkhani ya mafizo ndi kuyambiranso moyo

Chibwerereni ku Blantyre komwe anandipanga opaleshoni ya m'mutu, mafunso sakutha. Ena pa foni, ena ku tchalitchi, ena amangondiimitsa pa Katoto kuno ku Mzuzu ndili mkati moyenda kuti sisi tamva kuti inu munang'ambidwa mutu, tatiuzani. Ambiri ndi magadiyani oti m'bale wawo wangotuluka kumene m'chipatala ndipo sakudziwa poyambira. Nde ndati ndingowaika pamodzi mafunsowo. Ine si dokotala ayi, ndine munthu woti ndinadwala ndipo ndimafunsa kwambiri, mpaka a fizo, aja ophunzitsa masewera odzutsa ziwalo zofooka, ankandiseka kuti inu bwanji osangokalowa koleji. Zanga zikasiyana ndi zomwe adokotala anu akuuzani, tsatani zawozo, mutu wanuwo anauona ndi iwo.

Kodi chotupa cha mu ubongo ndi khansa basi?

Ayi, si zonse. Mitundu yake ndi yopitirira 100, ndipo madokotala amaziika m'magiredi kuyambira 1 mpaka 4. Giredi 1 ndi 2 zimakula pang'onopang'ono, 3 ndi 4 ndi zija zothamanga. Changa chinali meningioma, giredi 1, chimamera pa kachikopa kokuta ubongo osati mu ubongo mwenimwenimo. Pali glioma, pali astrocytoma, pali za pa pituitary zomwe zimasokoneza mahomoni ndi maso, ndi zina zambiri. Koma musamve kuti "si khansa" nkumati ndi zamasewera. Chigaza ndi fupa, sichitamuka, nde chilichonse chomera mkatimo chimapanikiza ubongo basi.

Funsani dzina la chotupa chanu ndi giredi yake, zilembedwe bwinobwino mu buku la kuchipatala, kenako mujambule tsambalo pa foni. Buku limanyowa, limatayika, langa loyamba linadyedwa ndi makoswe ngodya imodzi.

Ndipo chonde, sichipatsirana. Sikuti munthu analodzedwa kapena anadya chinachake kumaliro. Azakhali anga anataya ndalama zambiri kufufuza amene "anandiponyera", ndalama zoti zikanandilipirira thiransipoti ya rivyu kawiri.

Chotupa chinali m'mutu, nanga mwendo wafooka bwanji?

Chifukwa mwendo umalamulidwa ndi mutu. Mbali ya kumanja ya ubongo imayendetsa thupi la kumanzere, ya kumanzere imayendetsa la kumanja. Changa chinali pamwamba chakumanja, nde phazi lakumanzere ndi lomwe linagwa, ndikamayenda limakwekwereza pansi, patapata kumangovuka. Kwa anthu ambiri kulankhula kumakhala mbali ya kumanzere, ndiye wina amatuluka miyendo ili bho koma mawu akusowa. Chikakhala kunkhongo, munthu amadzandira ngati waledzera. Chikakhala kutsogolo, pamphumi apa, khalidwe ndi lomwe limasintha. N'chifukwa chake kuyerekeza odwala awiri n'kulakwa, eti uje anachira mwezi umodzi iwe ukutani. Sanang'ambidwe pamodzimodzi.

Mafizo ndiyambe liti, ndipo kuno ku Mzuzu ndipite kuti?

Amayamba mudakali mu wodi, adokotala akangolola. Ine anandidzutsa kukhala m'mphepete mwa bedi ndisanachotsedwe n'komwe ulusi, ndinaona ngati nkhanza, koma kugona masiku ambiri kumaumitsa mafundo, kumafooketsa minofu, kumabweretsa zilonda zapamsana komanso magazi kuundana m'miyendo.

Opaleshoni za ubongo zimachitikira kutali ndi ife, makamaka ku Queen Elizabeth ku Blantyre komanso ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Nde vuto lathu anthu a kumpoto ndi loti ukatuluka umabwerera makilomita mazanamazana kuchoka kwa amene anakupanga opaleshoni. Musatuluke popanda kalata yopita nayo ku fizo. Ku Mzuzu Central kuli dipatimenti ya fizo, ndipo kulinso malo opangira zida zothandizira kuyenda, kuphatikizapo kapulasitiki kovala m'nsapato kogwira phazi kuti lisamagwe. Kameneko ine kanandisinthira mayendedwe tsiku lomwelo. Amene afooka kwambiri ndipo akufunika kugonekedwa n'kumapangidwa mafizo tsiku ndi tsiku, kuli Kachere Rehabilitation Centre ku Blantyre, funsani za kumeneko musananyamuke kubwerera kuno, chifukwa kubwera kaye kenako n'kupitanso ndi ndalama ziwiri.

A fizo m'dziko muno ndi ochepa, digiri yake ku College of Medicine inangoyamba mu 2010, nde musayembekezere kuti mudzakhala ndi wanuwanu tsiku lililonse. Mwina muzikumana kamodzi pa sabata kaya pa masabata awiri. Chomwe ine ndinkachita, ndinkapempha mchemwali wanga azijambula vidiyo pomwe akundionetsa, kuti kunyumba tisamakangane kuti anati chonchi, ayi anati chonchi. Ntchito yeniyeni ili kunyumba. Mphindi 40 za kuchipatala zija ndi zongokuonetsani njira.

Kunyumbako nde ndizipanga chani, poti zida tilibe?

Zida muli nazo, simunaziyang'ane chabe.

Ubongo umatha kutsegula njira zatsopano pamene zakale zaonongeka, koma umafuna kubwereza, kubwereza kwambiri zedi, ndipo umaphunzira chomwe ukuchitacho. Ukafuna kudzuka pampando uzidzuka pampando. Ine sewero langa lalikulu linali limenelo: mpando wa pabalaza woutsamiritsa kukhoma, kudzuka, kukhala, ka 10, kupuma, ka 10 kenanso, m'mawa masana ndi madzulo. Kenako kuima pa sinki nditagwirira n'kumanyanyamphira. Kenako sitepe imodzi ya pakhonde, kukwera kutsika, mwendo wamphamvu umatsogola pokwera, wofooka umatsogola potsika. Poyenda ndinayamba ndi kuchoka pakhomo kukafika pa mtengo wa mapeyala n'kubwerera, mayi ali kumbali yofookayo.

Dzanja langa lakumanzere silinafe koma linali lozizira, lochedwa. Mayi ankandipatsa lichero la nyemba kuti ndisankhe, dzanja labwino nditalikhalira. Tsiku loyamba ndinatola nyemba mwina 15, zala zikunjenjemera, ina n'kugwa n'kugubudukira pansi pa kabati, ine misozi mbwembwembwe. Mayi sanayankhule kanthu, anangotenga mpando n'kukhala pafupi akusenda mbatata, kenako anati mwanangu zimenezo ndi ndiwo za mawa, usafulumire. Mawa lake tinadyadi nyemba, zambiri anasankha okha usiku ine nditagona, ndinadziwa patapita miyezi. Mapegi a zovala, mabatani a malaya, kutsegula botolo, kukanda ufa wa mandasi, kumanga chitenje, onsewo ndi mafizo.

Chenjezo limodzi lomwe anthu ambiri sauzidwa: osamukoka munthu dzanja lofooka pomudzutsa. Phewa limaguluka ndipo ululu wake umatenga miyezi. Mugwireni m'chiuno kapena pamsana.

Komanso kutikita kokha sikokwanira. Agogo amabwera ndi mafuta awo kudzathowa mwendo, zabwino ndithu, zimakoma, koma mwendo wothowedwa suphunzira kuyenda.

Bwanji ndikungotopa chonchi pomwe bala linapola kalekale?

Funso ili ndi lomwe ndimafunsidwa kwambiri, ndipo ndi lomwe linandizunza kuposa mwendo. Mwendo anthu amauona. Kutopa sakuona.

Si kutopa kwa munthu wochokera kumunda koti ukagona mawa wadzuka bho. Ndi kutopa koti uli mkati mocheza n'kungomva ngati wina wazimitsa magetsi m'mutu, mawu a anthu akumveka koma sakulowa. Ubongo wovulala umagwira ntchito yowirikiza kuti uchite zomwe kale unkachita osaganiza, ndipo mankhwala a khunyu nawo amawonjezera tulo, ndiye amene anawotchedwa ndi makina a radiotherapy kapena kulandira kemo, mankhwala a khansa aja, kwa iwo kumakhala kopitirira, pena kumabwera patatha masabata angapo atamaliza. Ine ulendo umodzi wa mu msika wa Zigwagwa, phokoso lija, anthu kukugunda, mawilibala, ma sipika, unkandigoneka masiku awiri. Pomwe kuyenda mtunda womwewo mu msewu wa zii sikunkanditopetsa choncho. Apa m'pomwe ndinazindikira kuti phokoso ndi chigulu zimadya mphamvu ngati mtunda.

Ndimaziona ngati bandulo ya tsiku. Ukaiphulitsa m'mawa pa mavidiyo, madzulo ulibe olo yotumizira uthenga umodzi. Nde ndinaphunzira kuika zinthu zofunika m'mawa mutu ukadali watsopano, kupuma ndisanatope osati nditagwa kale, kugona masana osapitirira mphindi 30 kuti usiku tulo tisathawe, ndi kukana. Kukana maliro ena, kukana bridal shower ina, kutuluka m'tchalitchi ulaliki usanathe. Anthu anayankhula, kuti wayamba kunyada, kuti ulesi, kuti akuzolowera kudwala. Ayankhule.

Msampha waukulu ndi tsiku lomwe wadzuka bwino. Umati lero nde lero, kuchapa mabulangete, kukolopa, kupita mtauni, kenako masiku atatu uli gone. Tsiku labwino chitani zomwe munapangana ndi thupi lanu, onjezani pang'ono chabe.

Chodabwitsa n'choti kuyenda kumachepetsa kutopaku, kugona tsiku lonse kumakuwonjezera. Koma kukapitirira muyeso kayezetseni magazi, mwina ndi kuchepa magazi, malungo, shuga kapena mahomoni, makamaka ngati chotupa chinali cha pa pituitary kapena munawotchedwa m'mutu.

Ndimagwa khunyu chichitireni opaleshoni. Masewera olimbitsa thupi si oopsa kwa ine?

Kwa ambiri ayi. Zomwe zimaputa kugwa kawirikawiri ndi kudumphitsa mankhwala, kusagona, mowa, ndi kutentha thupi ngati kwa malungo, nde gonani mu neti. Masewera okha si kawirikawiri. Choopsa ndi malo omwe ungagwere. Moto, madzi, pamwamba, pamsewu.

Kuno June ndi July kumazizira mochita kulowa m'mafupa ndipo tonse timaunjikana pa mbaula. Munthu wa khunyu asakhale moyandikira mbaula, asaphike yekha pamoto m'nyumba mulibe munthu. Posamba asakhome chitseko, ndipo madzi akhale a m'ndowa osati odzadza bafa. Pachitsime chosavindikira ayi. Ku Nkhata Bay tikapita ine ndimalowa m'madzi ofika m'mawondo basi, pali munthu pafupi wodziwa vuto langa, ndipo bwato sindikwera popanda jekete.

Magadiyani, munthu akagwa: chotsani zinthu zomwe zingamuvulaze, ikani chitenje kunsi kwa mutu, kugwedezeka kukatha mugonekeni chammbali. Osamuika supuni kapena chala m'kamwa, lilime samameza, mungomuthyola mano. Osamupanikiza, osamuthira madzi, osamumwetsa kanthu mpaka atatsitsimuka. Yang'anani nthawi pa foni. Zikapitirira mphindi 5, kapena akagwanso asanatsitsimuke, thamangani naye kuchipatala. Thovu lake silipatsira munthu khunyu, olo mpweya wake, zimenezo ndi nkhambakamwa zomwe zachititsa anthu kupsa pamoto ena akuonerera.

Mankhwalawa akundinenepetsa komanso kundifooketsa, ndingosiya?

Osasiya nokha, chonde. Dexamethasone, aja ochepetsa kutupa mu ubongo, amatupitsa nkhope, amapatsa njala ya usiku, amakweza shuga, amasowetsa tulo, ndipo amafooketsa minofu ya m'ntchafu moti kudzuka pa chimbudzi chonjuta kumakhala nkhondo. Koma amasiyidwa pochepetsa pang'onopang'ono, kuwadula kamodzi n'koopsa. Nkhope imabwerera, yanga inabwerera.

A khunyu monga carbamazepine, phenobarbitone, phenytoin, sodium valproate kapena levetiracetam nawonso sasiyidwa mwadzidzidzi. Osadikira atheretu, pitani kukatenga ena kukadali a sabata imodzi, chifukwa pena umakapeza kulibe n'kuyamba kuzungulira m'mafamase.

Atsikana anzanga, ichi ine ndinachimva mochedwa: carbamazepine, phenobarbitone ndi phenytoin amachepetsa mphamvu ya mapilitsi olerera komanso kolerera ka pamkono. Jakisoni ndi lupu sizisokonezeka choncho. Ndipo sodium valproate amatha kuvulaza mwana m'mimba, nde ngati mukuganiza zotenga pakati kambiranani ndi adokotala kaye musanatenge. Amene muli pa ma ARV nenani mbali zonse ziwiri zomwe mukumwa, carbamazepine amatsitsa mphamvu ya dolutegravir, amodzi mwa ma ARV.

Ndingayambe liti kusenza pamutu, kuthamanga, jimu, mpira?

Fupa lomwe anadula lija amalibwezeretsa, koma limatenga nthawi kuti ligwirane. Madokotala ambiri amati masabata 6 mpaka 8 oyamba osanyamula zolemera, osadzikakamiza, osaweramira pansi nthawi yaitali. Ndowa ya malita 20 ndi makilogalamu 20, nde ganizani zimenezo zili pamwamba pa bala. Ine kusenza pamutu ndinangosiyiratu, ndimanyamula tizigubu tiwiri ta malita 5 m'manja, n'kukhalanso mafizo. Amene fupa sanalibwezeretse, kapena ali ndi shanti, kapaipi kaja kotsitsa madzi kuchoka m'mutu kupita m'mimba, afunse adokotala mwachindunji asanachite chilichonse chogundana.

A WHO amati munthu wamkulu azichita masewera apakatikati mphindi zosachepera 150 pa sabata, ndi olimbitsa minofu masiku awiri. Ndi mphindi 30 masiku asanu. Koma kumeneko ndi kofikira, si koyambira. Ine ndinayamba ndi mphindi 5. Muyeso wosavuta: uziyenda moti ukupuma mwamphamvu koma ukutha kuyankhula. Ukalephera kumaliza chiganizo wathamanga kwambiri.

Mzuzu ndi wa zitunda, ndipo mvula yathu simva kuti nyengo yatha, dothi lofiira lija likanyowa limaterera ngati sopo. Amene mumakhala kotsetsereka ngati ku Masasa, nthawi ya mvula musachite manyazi ndi ndodo, ndipo patapata musiyeni, valani nsapato yogwira chidendene. Ine ndimakonda m'mawa dzuwa litangotuluka, pa bwalo la sukulu lapafupi, pafulati, kuzungulira. Kuthamanga ndinayamba patatha chaka, mphindi imodzi kuthamanga ziwiri kuyenda.

Jimu ndi yabwino ngati ndalama ilipo, zitsulo zopepuka, osabanika mpweya ponyamula. Netiboli ndinabwerera koma yongoponyerana ndi kuchinya, ya mpikisano ija yogundana zigongono ndinaisiya. Anyamata a mpira, za hedi iwalani kaye mpaka adokotala a mutu anene okha.

Nanga kabaza ndi kuyendetsa galimoto?

Ngati mumagwa khunyu kapena maso sakuona mbali imodzi, chiwongolero ayi, njinga yamoto ayi. M'mayiko ambiri lamulo limafuna munthu akhale miyezi 6 mpaka chaka osagwa asanayendetsenso, nde funsani adokotala anu. Kukwezedwa pa sacramento, kabaza wa njinga yakapalasa uja, ine ndinadikira mpaka nditatha kukhala bwino osapendama, ndipo ndimakhala chotang'adza nditagwira zolimba, za kukhala chammbali mwaulemu zija ndinasiya. Pa yamoto popanda chipewa sindikwera olo achite kutsitsa mtengo.

Ndikuiwalaiwala. Sukulu kapena ntchito ndidzaithanso?

Ambiri amabwerera, ena pa ntchito yomweyo, ena yosinthako. Kuiwala, kuchedwa kuganiza, kulephera kuchita zinthu ziwiri nthawi imodzi, n'zofala ndipo sikuti wapusa. Nzeru zilipo, chachepa ndi liwiro.

Ine ndili ndi kope limodzi lomwe ndimalembamo zonse, olo zoti ndabwereka ndani ndalama ku banki m'khonde. Alamu ya mankhwala pa foni. Makiyi malo amodzi. Powerenga, mphindi 20 kenako kupuma, wailesi yozimitsa. Ndinabwerera ku ntchito theka la tsiku kaye, masiku atatu pa sabata, ndipo ndinapita ndi kalata ya adokotala m'malo mongofotokoza pakamwa. Ophunzira a ku Mzuni kaya koleji ina iliyonse, kaonaneni ndi oyang'anira ophunzira semesita isanayambe, pemphani nthawi yowonjezera pa mayeso kapena kuchepetsa makosi, osadikira mulephere kaye. Lamulo la anthu aulumali la 2024 lilipo, ndipo bungwe lija tinkaliti MACOHA pano ndi MACODA. Ena safuna kumva mawu oti ulumali, ndikumvetsa, nanenso ndinkakana, koma ngati akukutsegulira chitseko lowa.

Amene mawu akuwasowa, akatswiri a zolankhula ndi ochepa kwambiri m'dziko muno, nde banja ndi lomwe limagwira ntchitoyo. Osamumalizira mawu, mupatseni nthawi. Yankhulani naye chiyankhulo chomwe chikutuluka mosavuta, kaya ndi Chitumbuka, Chitonga kaya Chichewa, akasakaniza musamuseke. Ena amatha kuimba nyimbo ya kwaya yonse pomwe kupempha madzi akulephera, nde muziimba naye.

M'bale wathu wasintha, sachedwa kupsa mtima, pena amangolira. N'chiyani?

Pena ndi ubongo weniweniwo, makamaka chikakhala chakutsogolo. Pena ndi mankhwala, dexamethasone ndi levetiracetam amadziwika ndi zimenezo. Pena ndi chisoni basi. Taganizani, uli ndi zaka 24, anzako akupanga ma graduation, akukwatiwa, akuika zithunzi pa Facebook ali ku Chikale, iwe ukuphunzira kumanga mabatani ndipo mayi ako akukusambitsa. Aliyense akukuuza kuti uzithokoza uli moyo, ndipo ukuthokozadi, koma ukulira moyo wako wakale ndipo palibe amene akukupatsa mpata wolira.

Kuno tili ndi mwayi, chipatala cha St John of God chili konkuno ndipo kuli aphungu othandiza pa zamaganizo. Si kwa "amisala" ayi, mawu amenewo atayeni. Ine ndinapitako, ndipo ndimapempherabe, ziwirizi sizilimbana. Munthu akayamba kunena zoti bola kufa, kapena zoti ndine chipsinjo kwa inu, musamudzudzule kapena kumuuza kuti alape, khalani naye pafupi, sungani mankhwala ndi inu, mupite naye tsiku lomwelo.

Za chibwenzi, banja, ana?

Kkkk funso ili limabwera usiku nthawi zonse. Inde n'zotheka. Zogonana mukhoza kuyambiranso bala likapola ndipo thupi likufuna, chilakolako chikachepa ndi kutopa kapena mankhwala kapena mahomoni, nenani kuchipatala osachita manyazi. Zotupa zambiri si zakumtundu. Kemo ndi radiotherapy zimatha kukhudza kubereka, nde funsani musanayambe osati mutamaliza.

Chibwenzi chomwe ndinali nacho chinatha ndili m'chipatala, abale ake anamuuza kuti ukwatira mtembo. Zinawawa. Amene ndili naye pano ndinamuuza pa tsiku lachitatu lokumana, ndinavula duku n'kumuonetsa chipsera, n'kumuphunzitsa chochita ndikagwa. Anafunsa ngati chimapweteka kukazizira. Chimayabwa, ndinamuyankha.

Pali zakudya kapena zitsamba zosungunula chotupa?

Palibe. Mudzaona anthu akubwera ndi mabotolo a masapulimenti a mtengo wa lendi, ena masamba, ena madzi odalitsidwa ogulitsa. Ndalamayo gulani mazira, usipa, nyemba, soya, masamba, nthochi, mapeyala, zomwe kuno sizisowa, minofu imamangidwa ndi zimenezo. Zitsamba zina zimalimbana ndi mankhwala a khunyu. Mowa ine ndinasiya.

Ine ndine gadiyani, ndimuthandize mpaka pati?

Mpaka pomwe akulephera, osapitirira. Chikondi chathu chimapha mafizo, timamuveka, timamudyetsa, timamuyankhira mafunso a alendo, kenako tikudabwa kuti sakusintha. Akamavutika ndi batani mphindi zitatu, pindani manja, yang'anani kumbali. Mayi anga ankachita kutuluka panja kuti asaone.

Ndipo gawanani ntchito. Sizoona kuti mtsikana mmodzi asiye sukulu pomwe ankolo ndi achimwene akungoimba foni kufunsa kuti wadzuka bwanji. Wina atenge za thiransipoti, wina za mankhwala, wina Loweruka abwere kuti gadiyani apume. Gadiyani naye amadwala.

Ndi zizindikiro ziti zoti ndisadikire tsiku la rivyu?

Mutu wopweteka mwachilendo womwe ukukulirakulira, makamaka m'mawa ndi kusanza. Kugona kwambiri kovuta kudzutsa, kapena kusokonezeka. Kufooka kwatsopano, maso kuona ziwiriziwiri, kugwa khunyu koyamba kapena kowirikiza. Bala kutupa, kufiira, kutuluka mafinya kapena madzi oyera, kutentha thupi ndi khosi louma. Katumba wa mwendo umodzi kutupa ndi kupweteka, kapena kubanika mwadzidzidzi. Wa shanti akayamba mutu, kusanza ndi tulo, musaganize kawiri, mwina yatsekeka. Ndipo mukafika nenani poyambirira kuti munthuyu anapangidwa opaleshoni ya mutu, kuti zisangothera pa kuyeza malungo.

Sikani ya rivyu, kujambula m'mutu kuja, musadumphe olo mukumva bwino, chifukwa zina zimameranso mwakachetechete, olo za giredi 1. Ine yanga ndimakapangitsa ku Blantyre, makilomita opitirira 600, basi ya usiku, ndipo ndimayamba kusunga ya thiransipoti miyezi isanakwane, pang'onopang'ono pa Mpamba. Ndimapita tsiku limodzi mofulumira kuti ndikagone, chifukwa kusagona ndi komwe kumandigwetsa. Amene akufunika chithandizo cha khansa, kale ambiri ankatumizidwa kunja ngati ku India, pano ku Lilongwe kuli National Cancer Centre pafupi ndi Kamuzu Central. Sabata ya sikani sindigona bwino, sindinama, mutu ukangoti tsuu pang'ono ndimati chabweranso. Zotsatira zikatuluka ndimagula tchipisi ndi nkhuku pa depoti n'kudya ndekha.

Ndidzabwereranso mwakale?

Kusintha kwakukulu kumaoneka miyezi yoyambirira, 3 mpaka 6, koma sikuthera pamenepo, ine chaka chachiwiri ndinkaonabe zatsopano. Ena amabwerera pafupifupi mwakale, ena amatsala ndi china, ndipo amene chotupa chawo ndi cha giredi yokwera ulendo wawo ndi wina, mafizo kwa iwo ndi oti akhale odzidalira ndi omasuka nthawi yaitali momwe zingathekere, ndipo zimenezonso n'zaphindu.

Ine phazi likadali ndi kaulesi kake, ndikatopa limayamba kukwekwereza, nsapato yakumanzere imatha msanga kutsogolo. Nambala za foni sindisunganso pamutu. Koma mwezi wathawu ndinayenda wapansi kuchoka kwathu ku Chibavi mpaka ku Luwinga kwa mchemwali wanga, ndinapuma kawiri, kamodzi pa mayi wina wogulitsa nthochi yemwe anandipatsa kampando osandifunsa kanthu. Nditafika mchemwali anati wabwera pa chani, ndinati pa miyendo, sanakhulupirire mpaka anaona matope. Pobwerera ndinakwera sacramento.